Mkangano Ukabuka pa Nzama, Upite Kuti?

Mvula yoyamba ikangogwa m'mapiri a ku Nzama makasu amatuluka m'nyumba, ndipo pambuyo pa makasuwo pamatuluka milandu. Wina walowetsa mzere umodzi m'munda wa mnzake. Wina wadula mtengo umene makolo adausiya dala kuti ukhale chizindikiro cha malire. Mbuzi za uje zachedwa kumangidwa ndipo zadya chimanga chongomera kumene. M'chilimwe mikangano imatsikira kumadimba, kumene a kumtunda amatseka madzi kuti athirire kabichi ndi kachewere, a kumunsi n'kutsala akuyang'ana ngalande youma. Palibe nyakwawa ya m'dera lino imene siidziwa kalendala imeneyi.

Zambiri mwa nkhani zotere zimathera pabwalo la mfumu dzuwa lisanapendeke. Koma zimene zalephera kutha sizikhala pamalo amodzi. Zimalowa m'komiti ya mjigo, anthu n'kuleka kusonkha ndalama yokonzera. Zimafika pa ntchito yotuta mchenga ndi miyala ya chipinda cha sukulu, mudzi wina n'kukana kutuluka kaamba koti wotsogolera ntchitoyo ndi wa ku banja limene akulimbana nalo. Khonsolo ikhoza kutumiza simenti ndi malata, koma singathe kukakamiza anthu amene sakupatsana moni kuti asenzere limodzi mchenga. N'chifukwa chake nkhani ya mtendere ikupezeka m'kalata ya chitukuko, pamodzi ndi nkhani za misewu, milatho ndi zipatala.

Dera limene lidaiona nkhondo

Angoni a kwa Maseko, amene mtsogoleri wawo ndi Inkosi ya Makhosi Gomani, adachoka kummwera kwa Africa m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Atayenda ulendo wautali umene udawafikitsa mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, adabwerera nadzakhazikika cha ku phiri la Domwe, limene lero lili ku Angonia m'dziko la Mozambique. Dzikolo lidali ndi eni ake. Adapezamo Antumba ndi magulu ena olankhula Chinyanja, ndipo kukumana kwawo kudayamba ndi mikondo ndi zishango. Chimene chidatsatira ndicho chofunika kuchikumbukira. Ogonjetsa adakwatira kwa ogonjetsedwa, ana adakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo, kufikira Chingoni chidangotsalira m'nyimbo za ngoma, m'mawu a ulemu ndi m'ziwongo. Pangano limene lidathetsa udani umenewo adalimanga ndi ankhoswa, banja ndi banja, kwa mibadwo ingapo, popanda pepala limene wina adasayinapo.

M'chaka cha 1891 Britain ndi Portugal adagwirizana za malire a maiko amene ankalamulira, ndipo mzere umene adajambula udadula dziko la Angoni pakati. Patapita zaka zisanu, mu 1896, asilikali a boma la atsamunda adagwira Inkosi Gomani woyamba namupha atakana kugonja. Mabala a chaka chimenecho adali asanapole pamene ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adafika pa Nzama mu July 1901. Mfumu Njobvuyalema ikadatha kuwabweza, pakuti anthu ake adali ndi chifukwa chokwanira chokayikira mzungu aliyense. Idawalandira ndi kuwapatsa malo. Ansembe a chipani china adayesapo kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma adachokako patangotha zaka ziwiri, motero Nzama ndiyo mishoni ya Katolika yakale koposa mwa zimene zilipobe m'Malawi muno.

Kubwera kwa mishoni sikudathetse kulimbana konse. Ku Gowa, ku Dombole ndi ku Ntonda kudali kale mamishoni a mipingo ina, ndipo kwa zaka zambiri mipingo inkalimbirana midzi yotsegulamo sukulu, mwana wa sukulu iyi n'kumaphunzitsidwa kuti mnzake wa sukulu inayo ndi wosochera. Lero makwaya a mipingo yosiyana amalandizana nyimbo usiku wonse pasiwa, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Achinyamata amaganiza kuti zidali choncho kuyambira kale.

Mayeso aakulu adadza m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo idafika povuta m'chigawo cha Tete. Kuyambira 1986 anthu adawoloka malire mwaunyinji, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Malawi linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. M'maboma a Ntcheu ndi Dedza ambiri mwa iwo adamanga zisakasa zawo m'midzi momwemo, pakati pa abale ndi anansi olankhula chilankhulo chimodzi. Mafumu adawaonetsa pomanga, ena adawabwereka pogwira khasu. Kuchereza kumeneku kudali ndi mtengo wake: mapiri adayera kaamba ka nkhuni ndi milimo, zipatala zidadzaza, ndipo panali kunyinyirika poona alendo akulandira ufa ndi mafuta pamene mwini mudzi akugona ndi njala. Chikhalirecho, midzi ya m'malire idapirira zaka zonsezo osagawanika. Pa 4 October 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasayina pangano la mtendere mumzinda wa Rome, gulu la akhristu la Sant'Egidio litakhala pakati pawo kwa zaka ziwiri, ndipo m'zaka zitatu zotsatira ambiri adabwerera kwawo. Adasiya kuno manda, maukwati ndi ana. Adasiyanso funso limene limabukabe m'mabwalo ena mpaka lero: malo aja adabwerekedwa kapena adaperekedwa?

Nkhondo ya nkhanga

Kumadzulo kwa Africa kuli nkhani imene aliyense amene adaweruzapo mlandu wa mbuzi angaimve msanga. M'chaka cha 1994, kumpoto kwa dziko la Ghana, anthu awiri a mitundu ya Konkomba ndi Nanumba adakangana pamsika pa mtengo wa nkhanga. Patangotha masiku ochepa mitundu ingapo idali pankhondo. Anthu oposa 1,000 adafa, midzi mazanamazana idatenthedwa, ndipo oposa 100,000 adathawa m'makwawo. Mpaka lero nkhondoyo imatchedwa ya nkhanga, ngakhale aliyense akudziwa kuti nkhangayo idangoyatsa udzu umene udauma kalekale. Pansi pake padali madandaulo a zaka zambiri okhudza umwini wa malo ndi ufumu: mtundu wina unkalima malo amene unkauzidwa kuti si ake, ndipo udalibe mfumu yaikulu yowuyankhulira. Zidatenga zokambirana za zaka ziwiri kuti mbali zonse zisayinirane mumzinda wa Kumasi mu 1996. Zowawa zotere n'zimene zidaphunzitsa dziko la Ghana kuti lisamadikire moto kuyaka, ndipo mu 2011 lidakhazikitsa mwalamulo bungwe loona za mtendere lokhala ndi nthambi m'zigawo.

Maiko a kumeneko alinso ndi chida china chakale kwambiri. Ku Mali amachitcha sanankuya: ubale wa nthabwala pakati pa ziwongo kapena mitundu. Munthu wa chiwongo cha Traoré akakumana ndi wa chiwongo cha Diarra, ngakhale sadaonanepo, amayamba kunyozana kuti mnzakeyo ndi kapolo wake kapena kuti amangokhalira kudya nyemba, onse n'kuseka. Mwambo umaletsa kukwiya, ndipo umaletsa kotheratu kukhetsa mwazi wa mnzako wa nthabwala. Awiri akamenyana, munthu wa ubale wotere akalowa pakati n'kuwaseka onse, ndewu imazirala. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidalemba mwambo wotere wa ku Niger m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Munthu wa ku Ntcheu sangazione zachilendo. Asuwani amatha kuuzana mawu amene mbale weniweni sangayerekeze kuwatchula. Adzukulu pamaliro amaseleula ngakhale akuluakulu, ndipo m'nthabwalamo nthawi zina amatulutsa choonadi chimene abale akhala akuchibisa. Ku Zambia Angoni a kwa Mpezeni ndi Abemba, amene makolo awo adathirana nkhondo, lero ndi achimbuya: amanyozana poyera, amathirana ufa pamaliro, ndipo amathandizana. Mphamvu ya miyambo imeneyi ili poti mawu owawa amatuluka anthu akuonana nkhope. Nthabwala yomweyo ikalembedwa pa WhatsApp m'gulu la anthu mazana awiri, popanda nkhope ndi kuseka, imasanduka chipongwe, ndipo mafumu ayamba kale kulandira milandu yochokera m'mafoni.

Lamulo latsopano

Dziko la Malawi lidadzidzimuka pa 20 July 2011, pamene zionetsero za m'mizinda zidathera m'imfa za anthu 20. Zokambirana zimene zidatsatira zidaonetsa kuti dziko lidalibe njira yokhazikika yomvera madandaulo asanasanduke ziwawa. Mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya mtendere, ndipo makomiti a mtendere adayamba kuyesedwa m'maboma a Karonga, Kasungu ndi Mangochi. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la mtendere ndi umodzi, limene lidabala bungwe la Malawi Peace and Unity Commission ndipo likupereka mwayi woti maboma akhale ndi makomiti awoawo a mtendere ndi umodzi.

Anthu ena akamva za komiti yotere amaganiza kuti kwabwera khoti lina. Komiti ya mtendere siimanga munthu ndipo siilipiritsa chindapusa. Ntchito yake ndi kutchera khutu, kuona kumene utsi ukufuka, kukhazika pansi mbali zolimbana ndi kuchenjeza akuluakulu a boma nthawi ikadalipo. Imafuna anthu ochokera m'magulu osiyanasiyana, monga mafumu, azipembedzo, amayi ndi achinyamata, kuti pasapezeke gulu lonena kuti silidamvedwe. Siilanda ntchito ya nkhoswe kapena ya nyakwawa. Komiti yokhala pa boma singadziwe kuti madzi atsekedwa pa dimba lina la kwa Njobvuyalema pokhapokha wina wa kumudziko atanena; maso ake ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, makhansala, apolisi a m'mudzi ndi atsogoleri a mipingo.

Makwerero a mlandu

Mkangano uliwonse uli ndi khomo lake loyamba, ndipo mavuto ambiri amakula chifukwa cholumpha khomo limenelo. Nkhani ya m'banja imayambira kwa ankhoswa a mbali zonse ziwiri. Nkhoswe yabwino imamva mwamuna payekha, mkazi payekha, kenaka n'kuwakhazika pamodzi. Nkhoswe imene imangoonekera tsiku la chinkhoswe, n'kusowa kufikira banja litapasuka, yasiya udindo wake. Nkhani ya pakati pa abale, monga kagawidwe ka munda wa makolo, imayambira kwa mwinimbumba. Zikakanika pamenepo ndiye zipite kwa nyakwawa, kuchoka apo kwa gulupu, ndipo pomalizira kwa mfumu yaikulu.

Bwalo la mfumu lili ndi ubwino umene khoti la boma lilibe. Lili pafupi, limayankhula chilankhulo cha anthu, ndipo mboni zake ndi anthu amene adaona malirewo akuikidwa. Koposa zonse, cholinga chake n'chakuti anthu awiriwo adzathe kutunganso madzi pa mjigo umodzi, pakuti palibe amene asamuke m'mudzimo mlandu ukatha. N'chifukwa chake chigamulo chabwino chimatsagana ndi chipepeso, nkhuku kapena mbuzi, ndi kugwirana chanza pamaso pa anthu. Koma bwalo lomwelo lili ndi matenda ake, ndipo kuwabisa sikuthandiza. Chabwalo chikakwera kwambiri, wosauka amangokhala ndi dandaulo lake mumtima. Mfumu ikakhala kuti ili ndi mbali, mwina wodandaulidwayo ndi mphwake kapena idagulitsa malowo ndi iyo yomwe, chigamulo chake chimabala mlandu wachiwiri woposa woyamba. Nduna zanzeru zimalangiza mfumu yotere kuti ipereke nkhaniyo kwa gulupu. Palinso mabwalo amene mayi amafunsidwa kuti ayankhule kudzera mwa mlongo wake pa nkhani ya munda umene amalima ndi iye mwini. Bwalo lotere limadzimana lokha mboni yodziwa bwino nkhaniyo.

Pa nkhani za malo, lamulo la malo a m'midzi la 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidaika dongosolo lake. Pa gulupu pamakhala komiti ya malo imene wapampando wake ndi gulupuyo, ndi mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Milandu imamvedwa ndi bwalo la malo la pa mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la malo la pa boma, ngakhalenso kupitirira apo. Dongosololi likufalikira pang'onopang'ono m'dziko muno, koma mfundo yake ndi yofunika kale: kugawa kapena kusintha umwini wa malo si nkhani ya anthu awiri okumana madzulo kuseri kwa nyumba. Malo ambiri amene akuvutitsa lero adagulitsidwa ndi munthu mmodzi wa m'banja, ena onse osadziwa, wogula n'kudzaonekera ndi kapepala pamene wogulitsayo adamwalira.

Chuma chamasiye nacho chili ndi lamulo lake la 2011. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankadalira iye, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu umene munthu angamangidwe nawo. Mabanja amene asemphana pa kagawidwe angathe kufika ku ofesi ya bwanamkubwa kuti awaunikire njira yoyenera. Ufumu ukakhala pampikisano, oyenera kusankha ndi a banja lachifumu motsata mwambo wawo, ndipo nyakwawa ndi magulupu amavomerezedwa ndi mfumu yaikulu. Mikangano ya ufumu ndiyo imaimitsa chitukuko nthawi yaitali koposa, chifukwa mudzi wa mafumu awiri umakhala ndi makaundula awiri, misonkhano iwiri, ndipo thandizo lililonse likafika limasanduka umboni wakuti boma lakondera.

Zimene bwalo la m'mudzi lisagwire

Pali milandu imene kuithetsa pansi pa mtengo ndi kuphwanya lamulo, ngakhale mbali zonse zitagwirizana. Kupha munthu, kuvulaza kwambiri, kugwiririra, kugona ndi mwana, kutentha nyumba ndi kuba ndi zida, zonsezi ndi za apolisi ndi khoti. Pa milandu ya ana m'pamene midzi imalakwa kawirikawiri. Wolakwa akakhala wachibale kapena munthu wodziwika, akuluakulu amati tisachititse manyazi mudzi, mbuzi iperekedwe, nkhani ithe. Mudzi umakhaladi chete, koma mwanayo amakula akuona womulakwira akudutsa pakhomo tsiku ndi tsiku, ndipo wolakwayo waphunzira kuti mtengo wa mlandu wake ndi mbuzi imodzi. Chete wotere sayenera kutchedwa mtendere. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati wa mwana suloledwa ngakhale makolo atavomereza. Apolisi ali ndi nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere kwa aliyense wofuna kunena za mwana amene ali pamavuto.

Nkhani ina yoopsa ndi yonenerana ufiti. Imabuka pamene mudzi uli ndi chisoni: mwana wamwalira mwadzidzidzi, mphezi yagwa, mvula yadula. Pa nthawi yotere chala chimaloza wofooka, kawirikawiri gogo wokhala yekha, ndipo si kamodzi pamene zimadziwika pambuyo pake kuti gogoyo adali ndi munda umene ena ankaufuna. Mu January 2016 ku Neno, boma loyandikana ndi Ntcheu, okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe mtsikana wina atafa ndi mphezi. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, monganso kuitana munthu woti adzaloze mfiti m'mudzi. Mfumu ikamva manong'onong'o otere pamaliro isadikire kuti maliro aikidwe. Idziwitse apolisi ndipo wonenedwayo achotsedwe pamalopo mwakachetechete. Chimodzimodzi wakuba akagwidwa: apolisi a m'mudzi ntchito yawo ndi kumusunga wamoyo ndi kumupereka kupolisi. Gulu likamenya munthu mpaka kufa, aliyense amene adaponya mwala amayankha mlandu wakupha, ndipo banja la wophedwayo limakhalabe m'mudzi momwemo, likuwadziwa onse.

Malire ndi ndale

Moyo wa m'malire uli ndi zake. M'madera ena a Ntcheu msewu wa M1 ndiwo malire enieni, kotero kuti munthu wogula kachewere pa Lizulu amatha kuwoloka msewu n'kupezeka ali m'dziko lina. Misika ya Lizulu ndi Tsangano imadalira alimi a mbali zonse ziwiri, ndipo pamwambo wa Umhlangano wa Maseko umene umachitikira pa Nkolimbo chaka ndi chaka, Angoni a ku Mozambique amabwera ngati eni ake. Ubale umenewu ndiwo umachititsa kuti ng'ombe yobedwa ipezeke msanga mafumu a mbali ziwiri akatumizirana uthenga. Koma ubale sufafaniza lamulo. Achinyamata akatsata ziweto zawo kutsidya atanyamula zikwanje, amakhala alowa m'dziko la eni ndi zida, ndipo mfumu yawo singawatulutse akagwidwa. Njira yake ndi kudziwitsa mfumu ndi apolisi, amene amalumikizana ndi anzawo a kutsidya. Zipilala za malire a maiko nazo si za munthu wamba kuzisuntha kapena kuzigumula, ngakhale zitaima pakati pa munda wa makolo ake. Dandaulo lotere lipite kwa bwanamkubwa.

Za ndale zingonenedwa mwachidule, poti aliyense adaziona. Pa nyengo ya chisankho pamakhala komiti ya zipani zonse ya pa boma imene imamva madandaulo okhudza mabwalo a misonkhano, mbendera ndi kunyozana. Khansala akasankhidwa amakhala wa wodi yonse, kuphatikizapo midzi imene sidamuvotere, ndipo mfumu ndi ya anthu a zipani zonse. Chimene chimawononga midzi kwambiri chimadza chisankho chitapita: kalembera wa olandira thandizo. Mayina akalembedwa m'nyumba ya munthu usiku, ngakhale atalembedwa mwachilungamo, palibe amene amakhulupirira. Akawerengedwa pabwalo, mfundo zosankhira zitafotokozedwa, wotsalira amadandaula ndithu koma amadziwa chifukwa chake, ndipo amadziwa kumene angakadandaule.

Ntchito ya mwezi wa October

Pa zonse zimene zafotokozedwazi, chimene chili m'manja mwa mudzi uliwonse popanda kudikira ndalama ya khonsolo ndi kulemba. Milandu yambiri ya malo imabwerera pabwalo patapita zaka khumi chifukwa mfumu imene idagamula idamwalira, mboni zidakalamba, ndipo mbali iliyonse ikukumbukira chigamulocho mokomera iyo. Kope limodzi losungidwa kwa nyakwawa, lolembedwamo tsiku, mayina a mbali zonse, mboni, chimene adagwirizana ndi zidindo za zala, limatseka pakamwa pa mdzukulu amene adzabwere kuchokera ku Johannesburg n'kunena kuti agogo ake sadavomere. Malo akabwerekedwa, palembedwe kuti abwerekedwa, kwa zaka zingati, ndiponso ngati wobwerekayo akuloledwa kubzalapo mitengo kapena kumangapo nyumba, pakuti mtengo wa mango ndi nyumba ya malata n'zimene pambuyo pake zimasanduka umboni wa umwini. Magulu a ulimi wothirira alembe masiku a madzi a kumtunda ndi a kumunsi madzi asanayambe kuchepa.

Makomiti a VDC angathenso kuika nkhani ya mikangano pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano uliwonse, monga amaikira za mjigo ndi za sukulu, ndi kutumiza ku ADC nkhani zimene zikuoneka kuti zikukula: malire a midzi iwiri, ufumu wolimbirana, munthu amene wayamba kulozedwa chala. Kuchokera ku ADC nkhani imafika kwa khansala ndi ku khonsolo ikadali yotheka kuikambirana.

Nthawi yabwino yoyendera malire a minda ndi mwezi wa October, mizere isanaundidwe ndipo mitima isanatenthe. Eni minda yoyandikana ayende limodzi ndi nduna ya mfumu ndi akuluakulu awiri kapena atatu amene akudziwa mbiri ya malowo, agwirizane pamene mzere ukudutsa, ndipo akhomepo zikhomo tsiku lomwelo. Mvula ikagwa abzalepo khonje kapena nkhadze, zimene mbuzi sizithamangira ndipo moto wa m'tchire suzimaliza msanga. Khonje wobzalidwa ndi mvula yoyamba amakhala atagwira pofika nthawi yokolola.